A Pilato ndi Malenzi Awiri

A Pilato Mulepa sanachite kusankha ntchito yojambula zithunzi, inangowagwera. Anabadwira m'mudzi wina kuseri kwa msika wa Nkando, m'banja la Alhomwe amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi. Nawonso atalekezera sukulu panjira anabereka dengu kumsana n'kulowa m'mizere ya tiyi pa esiteti ina ya kufupi ndi Boma. Poti ankalemba zowerengeka, patapita zaka zingapo anawakokera ku ofesi kuti azithandiza kalaliki.

Chaka china akuluakulu a kampani analamula kuti wantchito aliyense akhale ndi chiphaso chokhala ndi nkhope yake. Anabweretsa kamera ya filimu n'kuiika patebulo. Kalaliki anaiyang'ana n'kunena kuti iye maso anayamba kale kumuvuta. A kapitawo anati yawo ntchito ndi ya kumunda. Kamera ija inatsalira a Pilato. Anakoloweka nsalu yoyera pakhoma la shedi yoyezera tiyi, anthu n'kufola, iwo n'kumadina. Zithunzi zitabwera kuchokera kotsukitsa ku Blantyre, anaona kuti amene anawajambulira chakukhomo anaoneka bwino, koma a mkati mwa shedi anatuluka bii ngati zitsa zopserera. Panalibe wowafotokozera chifukwa chake. Anasendeza nsalu ija kufupi ndi khomo n'kubwereza gulu lonse la mkatilo. Kuyambira pamenepo, akalowa m'nyumba ya munthu maso awo ankayamba afufuza kumene kuwala kukulowera, moni n'kubwera pambuyo.

Za ziphaso zitatha, anzawo anayamba kuwapempha kuti aziwajambula Lamlungu atavala zovala za kutchalitchi. Pang'ono ndi pang'ono ntchito yapambaliyo inakula kuposa ya ku ofesi. A Pilato anagula kamera yawoyawo, anatsanzika pa esiteti, n'kuchita lendi kachipinda pa Nkando, pakati pa telala ndi sitolo ya mbewu. Pakhoma anajambulitsapo phiri la Mulanje ndi penti, ngakhale kuti phiri lenilenilo linkaonekera pakhomo pomwepo tsiku lopanda mitambo. Anthu ankakonda la pentilo chifukwa linali ndi mathithi awiri ndi ndege ikudutsa pamwamba. Anakwatira Agnes, mtsikana wa kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo anabereka ana. Wamkulu, Stella, anaphunzira n'kukapeza ntchito ku Limbe.

Filimu itatha fashoni anagula kamera ya kadi, yogwiritsidwa kale ntchito, pamodzi ndi lenzi yake yokoka, ija umapotokola kuti zapatali zibwere pafupi. Anaizolowera msanga. Chimene sanachizolowere ndi mafoni. M'zaka zochepa chabe, mnyamata aliyense wa kabaza anali ndi kamera m'thumba, ndipo benchi ya pakhomo la kachipinda kaja inayamba kukhalidwa ndi anthu ongobisala mvula. Ntchito imene inawatsalira a Pilato inali ya malo amene mafoni otchipa ankalephera: m'matchalitchi a mawindo ang'onoang'ono, m'maholo a sukulu magetsi atazima, m'nyumba za odwala, ndi masiku a chiperoni, pamene nkhungu ndi mvula yowaza zimatsika m'phiri n'kuphimba dera lonse, masana n'kumaoneka ngati dzuwa lalowa kale.

Fulashi anali nayo, koma sinkathandiza kwenikweni. Abusa angapo anailetsa mkati mwa mapemphero ponena kuti imabalalitsa anthu maganizo. Komanso a Pilato eniake sankaikonda. Inkawalitsa thukuta pamphumi pa mkwati n'kusiya anthu onse a kumbuyo mumdima, moti ukwati wa anthu odzaza tchalitchi unkaoneka ngati wa anthu awiri osochera.

Woyamba kuona za dzanja anali mayi Agnes. M'mawa wina a Pilato akutakasa shuga, supuni inkangolira m'kapu ngakhale atasiya kutakasa.

"Bambo a Stella, taikani kaye supuniyo pansi," anatero mayiwo. "Tambasulani dzanjalo."

A Pilato anatambasula. Zala za dzanja lamanja zinkanjenjemera pang'ono, ngati tsamba la nthochi kamphepo kakamadutsa.

"Ndi kuzizira," anayankha.

"Kuzizira kosankha dzanja limodzi?"

Anapita kuchipatala ku Boma. Adokotala anawayeza, anawafunsa ngati bambo awo kapena amalume awo anali ndi vuto lomwelo, n'kuwauza kuti si matenda opha munthu, koma kuti satheratu, ndipo mwina adzawonjezeka ndi ukalamba. Anawapatsa mapiritsi. Ankachepetsako, osati kuletseratu.

Panja, dzuwa likuwala, dzanjalo silinkaononga kanthu, chifukwa kuwala kukachuluka kamera imaphethira mwachangu kwambiri. Koma mumdima imayenera kutsegula diso nthawi yotalikirapo kuti kuwala kokwanira kulowe, ndipo nthawi imeneyo dzanja likagwedera, chithunzi chonse chimagwedera nalo. Mwezi wa Juni chaka chimenecho anajambula ukwati kutchalitchi china cha kumudzi kukuchita chiperoni. Atapereka zithunzi, mayi a mkwatibwi anaziyala pamphasa, anaziyang'ana chimodzichimodzi, kenako anafunsa mosakweza mawu kuti, "Kodi ukwati wa mwana wangawu unachitikira pansi pa madzi?" A Pilato anatolera zooneka bwinoko, zonse za panja, n'kuwasiyira, zinazo n'kubwerera nazo.

Stella atamva nkhaniyi anaimba foni n'kuwauza kuti akwere minibasi abwere ku Limbe. Anawatengera pa kasitolo kena ka m'chipinda chapamwamba, ka mnyamata wina wamkulu ndithu dzina lake Ashraf, amene ankagulitsa ndi kukonza makamera akale. Ashraf anali mwamuna wa mnzake wa Stella wa kuntchito. Anamvetsera nkhani yonse, anayang'ana zithunzi za ukwati zija, n'kutulutsa malenzi awiri m'kabati.

"Madala, mavuto anu ndi awiri, ndiye mankhwala akenso ndi awiri," anatero. Ananyamula yoyamba, yaitali ndi yolemera. "Iyi ndi yokoka ngati yanu yomweyo, koma mkati mwake muli kagalasi koyandama. Dzanja likapita uku, iko kamapita uko. Kamakugwirirani chithunzi kuti chisagwedere. Mukhoza kunjenjemera, iyo ili phee."

Anaiika pansi n'kunyamula inayo, yaifupi ngati kabotolo ka mafuta odzola. "Iyi timaitcha fifite. Siikoka. Mukafuna munthu pafupi, mupite nokha ndi miyendo. Kagalasi koyandama mulibe. Koma tayang'anani diso lakeli." Anaiyang'anitsa kuwindo, a Pilato n'kusuzumira. Bowo lake linali lalikulu kwambiri kuposa la lenzi iliyonse imene anagwirapo. "Imameza kuwala kochuluka nthawi imodzi, ndiye ngakhale mumdima kamera imaphethirabe msanga."

"Nanga yabwino ndi iti?" anafunsa Stella. "Chifukwa ine ndikwanitsa imodzi, Ababa, ndanenatu."

Ashraf anaseka. "Achemwali, ndikanadziwa ndikanasunga mtundu umodzi wokha m'kabatimu. Atenge onse awiri akayese kumene amagwirira ntchitoko. Adzabweze imene yawakana."

A Pilato anakulunga malenziwo m'masokosi n'kubwerera ku Nkando.

Ntchito yoyamba imene inapezeka inali ya a Danieli, mkulu wina amene unyamata wake wonse anathera pa Chambe, pamwamba pa phiri la Mulanje, akucheka matabwa ndi kutsika nawo pamutu. Tsopano miyendo inali itawakana, ndipo mwana wawo wa ku Milange, kutsidya kwa malire, anatumiza uthenga woti akufuna chithunzi cha bambo ake choti apachike pakhoma. Kunja kunali nkhungu, ndipo a Danieli anakana kuti awanyamule kupita pakhonde.

"Ndazizidwa zokwana kuphiri kuja," anatero. "Ngati makina anuwo saona m'nyumba, bwererani nawo."

Anakhala pampando wa nsungwi pafupi ndi kawindo kamodzi kokha, atavala jekete ndi chipewa chaubweya, manja ali pamaondo. A Pilato anamanga lenzi yaitali ija. Atayang'ana m'kamera n'kugwira batani pang'ono, anamva kaphokoso kakang'ono mkati, ndipo nkhope ya a Danieli, imene inkavinavina m'maso mwawo, inaima chilili. Dzanja linkanjenjemerabe, ankalimva, koma chithunzi sichinkatsatira. Anadina kangapo. A Danieli sanasunthe ngakhale chikope. Pagalasi la kamera panaoneka khwinya lililonse, imvi za m'ndevu, ndi chipsera cha sowo pachala chachikulu. A Pilato anali asanajambulepo chithunzi chakuthwa chotere m'nyumba yamdima, ngakhale kale dzanja lili bwino.

Pobwerera anakankha njinga m'matope ali ndi maganizo amodzi. Anauza akazi awo kuti nkhani yatha, kafupi kaja kabwerera kwa mwini wake.

Loweruka lotsatira kunali chinkhoswe kumudzi wina wa kufupi. Chinayenera kuchitikira pabwalo, koma mvula yowaza sinaleke, ndiye eni ake anapempha holo ya sukulu. Magetsi kunalibe. Kuwala kunkalowera m'timabowo ta njerwa za m'mawindo ndi pakhomo limodzi, ndipo pakhomopo panadzaza anthu. Akuchikazi anaitanitsa gulu la tchopa, gule wa Alhomwe, ndipo anauza a Pilato kuti zithunzi za gulelo azifuna kwambiri chifukwa wotsogolera anali amalume a mkwatibwi.

Ng'oma zitayamba, a Pilato anaima pakona n'kumakoka ndi lenzi yaitali ija monga anazolowerera. Kagalasi kaja kanagwira ntchito yake. Koma atayang'ana zimene ajambula, anaona khoma lakuthwa, mabenchi akuthwa, mpaka malemba a choko amene aphunzitsi anasiya pabolodi ankawerengeka bwinobwino. Ovina okha ndi amene kunalibe. Pamalo pawo panali utsi wa mitundumitundu, mwendo apa, chikopa cha nyama apo, nkhope palibe. Anayesanso, zinali zomwezo. Lenziyo inkagwira dzanja lawo, koma inalibe mphamvu yogwira munthu amene akudumpha.

Anakhala pabenchi, anamasula yaitaliyo, n'kumanga kafupi kaja. Atayang'ana m'kamera, holo inawala ngati wina wachotsa lata limodzi padenga. Koma ovina anali kutali, ndipo chopotokola panalibe. Anaimirira n'kulowa pakati. Anadutsa pakati pa amayi oombera m'manja, anawerama pafupi ndi ng'oma, nthenga za chisoti cha wovina wina zinawakwapula kumaso. Wina anakuwa kuti, "Ajambuli alowa gule!" anthu n'kuseka. Iwo anangodina.

Zithunzizo anaziona bwino atafika kunyumba. Amalume aja anatuluka ali m'malere, fumbi lili kumapazi, pakamwa pali yasa ndi nyimbo, diso lililonse likuoneka. Dzanja silinasiye chizindikiro, chifukwa kamera inkaphethira lisanapeze mpata wogwedera. Koma panali china. Pa chithunzi chilichonse, munthu mmodzi yekha, kapena awiri oima mzere umodzi, ndi amene ankaoneka bwino. Onse a kumbuyo ankasungunuka. Ndipo zambiri zinaphonya: kamera inagwira phewa m'malo mwa nkhope, kapena ng'oma m'malo mwa woimba.

Madzulo a tsikulo anayala nkhaniyi kwa akazi awo, malenzi onse awiri ali patebulo.

"Ine sindikuona chovuta," anatero mayi Agnes. "Chimene chikudwala ndi dzanja. Tengani yochiza dzanjayo."

"Yochiza dzanjayo imafuna anthu okhala phee ngati a Danieli."

"Ndiye muziwauza akhale phee."

"Mayi a Stella, inu munaimbapo kwaya. Ndi liti munaimba mutaima phee? Mkwati akamalowa m'tchalitchi ndimuuze kuti aime kaye? Mwana akamabatizidwa?"

Mayiwo anaganiza pang'ono. "Nanga dzanjalo likadzakula? Adokotala ananenatu."

"Likadzakula tidzaona."

"Mumatero nthawi zonse," anatero mayiwo, n'kunyamuka kukatsekera nkhuku.

A Pilato anasunga malenziwo sabata ina. Anayesa yaitali ija pa mapemphero a amayi, inachita bwino pa ulaliki n'kulephera pa nyimbo. Anayesa yaifupi pa mwambo wopereka mphatso kusukulu, inachita bwino pa ana othamangira kutsogolo, koma aphunzitsi aakulu ali pagome patali anatuluka ang'onoang'ono. Kenako anakwera minibasi ya ku Limbe n'kukaika yaitali ija patebulo la Ashraf.

"Ndimayesa mutenga imeneyo, madala," anatero Ashraf. "Anthu a msinkhu wanu ambiri amatenga imeneyo."

"Anthu amene amandiitana sakhazikika," anayankha a Pilato.

Stella sanatsutse. Anangofunsa ngati atsimikiza, iwo anagwedeza mutu, nkhani inathera pomwepo.

Zotsatira zake zinali zosakanikirana. Zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe zinayamba kukhala ndi moyo umene poyamba zinalibe, ndipo anthu ena ankachita kutchula kuti akufuna zija zosungunuka kumbuyo. Koma miyezi yoyamba anakhumudwitsa anthu angapo. Kwaya ina inafola mizere itatu kutsogolo kwa guwa, ndipo mzere wakutsogolo wokha ndi umene unaoneka. Mayi Jessica, wapampando wa kwayayo, anali mumzere wakumbuyo. Anabwera pa Nkando ndi chithunzicho m'manja.

"A Mulepa, ine ndavala yunifolomu yatsopano, ndadzuka m'mamawa, kuti ndidzakhale mtambo?"

A Pilato anapepesa n'kukabwereza Lamlungu lotsatira. Kuchokera pamenepo, gulu likakhala lalikulu ankalitulutsa pakhonde kumene kuwala kunalipo, kapena kuliimika mzere umodzi wokhota ngati uta. Ena ankadandaula kuti akuwavutitsa. Kwaya ya mayi Jessica sinawaitanenso, inapeza mnyamata wa ku Boma wojambula ndi vidiyo yomwe.

Panalinso nkhani ya malo oima. Kale ankabisala kumbuyo n'kumakoka. Tsopano ankapezeka pakati pa kanjira ka m'tchalitchi, nthawi zina atagwada pafupi ndi akwati pamene akuvekana mphete. Abusa ena anawayang'ana ndi diso lofiira. M'busa wina anawaitanira pambali n'kuwauza kuti ukwati ndi wa anthu awiri, osati atatu. A Pilato anaphunzira kuvala zakuda, kuyenda chowerama, ndi kuchoka msanga akadina. Maondo ndi amene analipira.

Ntchito ngati ya a Danieli zinkabwerabe mwa apo ndi apo: nkhalamba yoti ijambulidwe, guwa lokongoletsedwa anthu asanalowe, mkati mwa sitolo yatsopano. Pa ntchito zotero ankaikumbukira lenzi yaitali ija, ndipo sankabisa. Munthu akawafunsa ngati anasankha bwino, ankati zimatengera tsiku.

Dzanja linakuladi, monga ananenera adokotala. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu, ngakhale kuphethira kwachangu kuja kunayamba kulephera kubisa zonse, makamaka m'matchalitchi amdima kwambiri. A Pilato anapita kwa Hopewell, wowotcherera zitsulo pa Nkando, ndi paipi yopyapyala yofika pachibwano. Hopewell anaika bawuti pamwamba yoti kamera izimangidwapo, pansi n'kuvekapo mphira wa tayala kuti isamachite phokoso pasimenti. Miyendo itatu ya m'sitolo yoimikirapo kamera sakanayenda nayo pakati pa anthu ovina, koma mwendo umodziwo unkatheka. Ankaudzika pansi, kuutsamira, kudina, kuunyamula, kupita patsogolo. Pokwera zitunda popita kumidzi unkagwiranso ntchito ya ndodo.

Masiku ano m'kachipinda ka pa Nkando kaja muli wokonza mafoni. A Pilato anakasiya chifukwa anthu ofuna kuwaitana amaimba foni kapena kufika kunyumba. Pakati pa sabata amakhala kumunda kwa nandolo ndi chinangwa, kumene dzanja lonjenjemera silisokoneza khasu. Loweruka ndi Lamlungu ndiye amavala jekete lakuda. Kumadera akutali anasiya kupita, ndipo ntchito zotenga tsiku lonse amazikana. Kumanga lenzi pa kamera kunayamba kuwavuta chifukwa timadontho toyenera kukumana timawathawa, choncho saimasulanso, imangokhala pomwepo. Kusintha kadi ndi batire amachita ndi mayi Agnes a Pilato asananyamuke, atavala magalasi awo owerengera Baibulo, akung'ung'udza kuti tizinthu timeneti anatipangira ana.

Loweruka lina la mwezi wa Julayi, anthu amene anali pa siteji ya Nkando anawaona ataima pansi pa khonde la sitolo, kamera ili mkati mwa jekete kuopa mvula yowaza, paipi ija ili m'manja. Ankapita ku ubatizo chakufupi ndi Boma. Minibasi yoyamba inali yodzaza, ndipo kondakitala anati chitsulocho chilasa anthu. Anadikira yachiwiri. Imeneyo inawapatsa mpando wakutsogolo, paipi n'kuigoneka pansi m'mbali mwa chitseko, ndipo inanyamuka kulowera kuphiri, limene tsikulo silinkaoneka n'komwe.